Telala Pakampando ka Ana

Inu, tamverani za mnzanga telala, amene makina ake ali pakhonde limodzi ndi nsapato zanga zogulitsa. Munthuyu mkazi wake anamwalira kalekale, ndipo chaka chonse chathachi khosi lake linkangopotokera kusukulu ya mkaka ya tsidya la msewu, kumene kumaphunzitsa mayi wina wodekha, wosakwatiwa, amene tonse timangoti Aphunzitsi.

"Pitani mukanene, achimwene," ndinamuuza tsiku lina. "Katundu wongoyang'ana amagulidwa ndi ena."

Anadzisokera suti yoyera mbee, yothina mwadala, chikhalirecho thupi lake ndi la munthu amene sanakanepo mbale. Anatolera tizidutswa ta nsalu m'thumba, ati mphatso ya ana, n'kuwoloka msewu akununkhira ngati sitolo ya sopo.

Anapeza ana makumi awiri atazungulira pamkeka, akusanja zitsekerero za mabotolo, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha.

"Takulandirani, bambo. Khalani nafe pamkeka," anatero Aphunzitsi.

Telala anayang'ana mkeka. Panali dongo, panali utoto, panalinso chonyowa china chimene mwini wake sanadziwike. Anayang'ana suti. Ndiye anasankha kampando kapulasitiki kokhala ndi manja uku ndi uku, kopangira munthu wa zaka zitatu.

"Kameneko n'kakang'ono, bambo."

"Mayi, kuyeza ndi ntchito yanga. Ndikwana."

Anakwanadi. Analowa ngati chitsekerero pabotolo, kampando n'kulira kamodzi, kenako zii. Atayesa kusuntha pang'ono, anazindikira kuti iye ndi kampando tsopano ndi thupi limodzi. Anaganiza zongokhala phee, kumamwetulira, mpaka ana aweruke.

Koma inakwana nthawi ya sitima. Pasukulupo ana akamapita kukasamba m'manja amagwirana mapewa, ndipo kukabwera mlendo, ndiye amakhala mutu wa sitima.

"Ine miyendo ikundivuta," anatero telala.

"Mwabwera mukuyenda bwinobwino," anatero kamnyamata kena kopanda mano akutsogolo.

Telala anadzuka. Kampando nako kanadzuka, miyendo inayi italoza kumbuyo. Ana anayesa ndi masewera atsopano amene mlendo wabweretsa. Aliyense anathamangira kampando kake, kukagwirira kumbuyo, n'kumayenda chowerama kuzungulira kalasi, akuimba kuti ndi akamba. Telala anawatsogolera maulendo awiri athunthu, inu, poopa kuvomera.

Aphunzitsi ndi amene anaimitsa sitimayo. "Mwakanirira, eti?"

"Pang'ono chabe."

Aphunzitsi anamugwira manja, ana n'kugwira miyendo ya kampando, onse n'kukoka. Kampando sikanasunthe. Chimene chinagonja ndi msoko wa thalauza, kuyambira m'chiuno mpaka kumene sitinena pagulu.

"Anasoka thalauza limeneli ndani?" anafunsa kamtsikana kena.

"Telala wina wakutali," anayankha mnzangayo.

Kamtsikanako ndi kamene tsikulo kanali dokotala pakona yosewerera chipatala, chingwe chili m'khosi. Kanalamula kuti wodwala agone chafufumimba. Anagona, kampando kali m'mwamba ngati mlongoti. Anamwino asanu anamumanga mutu ndi tizidutswa take tomwe, wina n'kumubaya jakisoni wa pensulo, winanso n'kumuuza kuti akapanda kulira amupatsa chidole. Aphunzitsi anabwera ndi beseni la madzi a sopo, n'kugwada pambali pake, kumapaka m'mbali mwa kampando.

Akuluakulu anati wagwa kale saopa kuterereka. Telala ataona khutu la Aphunzitsi lili pafupi, anati mwayi ngati uwu sudzabweranso. Anayankhula pang'onopang'ono, mawu onse omveka bwino.

"Mayi, ine sindinabwerere nsalu. Ndikufuna banja."

Chimene sankadziwa n'chakuti m'kalasi imeneyo wamkulu akayankhula pang'onopang'ono, ana amabwereza. Ndi mmene amaphunzirira.

"Ndi-ku-fu-na ba-nja!" pakamwa makumi awiri.

"Khalani chete, ana inu," anatero telala.

"Kha-la-ni che-te, a-na i-nu!"

Ine ndinamva ndili tsidya lino, ndikunenerera nsapato ndi kasitomala. Amayi odzatenga ana anali atafika kale, mitu itadzaza pawindo.

Aphunzitsi sanaseke. Anapukuta manja pachitenje, n'kutembenukira ana.

"Munthu akafuna chinthu amati chiyani?"

"Chondeee."

Kenako anayang'ana telala, n'kudikira. Ana anadikira. Apawindo nawo anadikira.

"Chonde," anatero telala, tsaya lili pamkeka.

Aphunzitsi anakoka kamodzi, kampando n'kuzuka ngati dzino logwedera.

"Mubwere Lamlungu mudzaonane ndi achimwene anga," anatero. "Koma musinthe telala."

Mnzanga anawoloka msewu atamanga jekete m'chiuno, mutu uli ndi nsalu za mitundu isanu ndi iwiri, ndipo kwa mlungu wathunthu ana a m'dera lonse ankauza makolo awo kuti akufuna banja.

Atakwatirana ndinawafunsa alamuwo kuti anaona chiyani mwa munthu ameneyu. Anati chibadwire anali asanaonepo mwamuna wokhala pakati pa ana ola lathunthu osanena kuti ali ndi kopita.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakumbutse chimene chinamukhazika, koma ndinatseka. Ine ndi wamalonda. Wogula akakhutira, suyamba kumuonetsa pamene panasokedwa.