Diso la chikho la Kamtedza

Mwambi wa muvi umene mumaumva kwa makolo anu uja unayamba motere, ana inu. Amene wayamba kale kuseka kumbuyoko atchere khutu, chifukwa nkhaniyi ndi ya anthu ngati iyeyo.

Kumunsi kwa phiri la Dzalanyama kunali mkamwini wina dzina lake Lufeyo Kamtedza. Pa khasu anali wamanja lende, koma pa mfuti panalibe womuposa. Chaka ndi chaka kuchionetsero cha zaulimi kuboma kunkakhala mpikisano woombera zitini, ndipo Kamtedza ankabwerako ndi chikho, mwina bulangete. Kaimidwe kake aliyense ankakadziwa. Ankalemba mzere pansi, kutangadza miyendo, kutsinzina diso lamanzere n'kutong'ola lamanja, ndipo akaomba sankasuntha mpaka ataona chitini chikugwa. Diso lamanjalo ankalitcha diso la chikho. Ngakhale utsi wakukhitchini sankalola kuti ulifike.

Apongozi ake aakazi, a Nasoko, zikhozo sizinkawasangalatsa. Poti mwambo sunkalola kuti ayankhulane ndi mkamwini maso ndi maso, mawu awo ankauza nkhuku, mokweza ndithu, mkamwiniyo ali pakhonde. Kawirikawiri nkhuku zinkauzidwa kuti chikho sichilima munda. Tsono mbava za ng'ombe zitayamba kuvuta m'deralo, a Nasoko anawaza madeya pabwalo nati, "Nkhuku inu, muuzeko wina kuti mfuti yakeyo ikalondere ng'ombe zanga kudambo. Ikasowa imodzi, apinde mphasa yake azipita kwawo."

Kamtedza anachita mantha, osanama. Iye ankamukonda kwambiri mkazi wake Nangondo, ndipo kwawo analibe ngakhale mzere umodzi wa munda. Analumbira kuti ng'ombe sisowa iye ali moyo.

Masiku omwewo a Bwanali, amene anapuma usilikali ali sajeni, ankaphunzitsa anthu a m'mudzimo kudziteteza. Madzulo alionse pabwalo la mpira anthu ankagwa pansi, kukwawa, kubisala kuseri kwa chulu ndi kuitanizana ndi likhweru. Ankaphunziranso kudziwa pamene mfuti siyenera kulira konse. Nangondo sankajomba. Kamtedza anapitako kamodzi kokha, atavala malaya ake oyera ampikisano, ndipo a Bwanali atakuwa kuti onse agwe pansi, iye yekha anatsala chilili.

"A Kamtedza," anatero a Bwanali, "kodi chitini chinakubwezeranipo?"

"Chingabweze bwanji poti ndimayamba ndine? Wodziwa kuombera sadya dothi, achimwene."

A Bwanali anamuuza kuti luso lakelo salikana, lilipodi, koma wakuba sakhala pachitsa kudikira ngati chitini. Kamtedza anasasa malaya ake, ngakhale kuti sanade, nabwerera kwawo.

Musaganize kuti anali wosalimbikira pa zake. Khama analinalo, kungoti linali khama la mbali imodzi. Tsiku lililonse kudambo kuja ankandandalika zitini pachitsa n'kumazigwetsa chimodzichimodzi, ng'ombe zikudya msipu kumbuyo kwake.

Tsiku lina masana dzuwa lili paliwombo, wakuba anafikadi. Anali mnyamata wowonda, wopanda mfuti, wangonyamula uta wansungwi ndi mivi yophera njiwa, ija ya chitsononkho kumutu. Anayamba kukusa ng'ombe kulowera kuthengo. Kamtedza atatembenuka n'kumuona, mtima unamuuza kuti tsiku lodzichotsa manyazi lafika. Analemba mzere ndi chidendene, natangadza miyendo, natsinzina diso lamanzere. Koma wakuba uja sankaima malo amodzi. Apa ali kuseri kwa ng'ombe yakuda, apa watulukira pamchira wa inzake, ndipo kuomba kukanakhala kupha ng'ombe ya apongozi ndi dzanja lake lomwe.

"Aise, taima pamodzi!" anakuwa Kamtedza. "Ndikuombera bwanji ukungoyendayenda?"

Wakubayo anaimadi, koma kuseri kwa ng'ombe, nakoka uta. Pa nthawi yomweyo Nangondo anali atangofika ndi chigubu cha thobwa la mwamuna wake. Ataona utawo anadziponya pansi mu udzu, nauza mwamuna wake kuti naye agwe msanga. Kamtedza sanasunthe. Chulu chinali pambali pake pomwepo, koma iye anali ndi chidwi ndi zina.

"Taona mmene wagwirira utawo, mkazi wanga. Chigongono chagwa, mapazi ali pamodzi. Kumpikisano akanamuchotsa kalekale. Muvi umenewu ukhotera kumanzere, uona."

Muvi unachoka. Kamtedza anautong'olera diso la chikho monga ankachitira ndi zitini. Anauona ukubwera, ukukula, ndipo anali akunenabe kuti ukhota tsopano pamene chitsononkho chinamupeza m'diso lomwelo, phaa! Anagwa chagada, mfuti inalira yoloza kumwamba. Aka kanali koyamba m'moyo wake kuombera osalasa kanthu, komanso koyamba kumvera a Bwanali, ngakhale anagwa mochedwa.

Nangondo anakwawa mpaka pachulu naimba likhweru. Anthu amene ankalima m'madimba apafupi anayankha, nabwera chokwawa mbali zonse, ndodo zili m'manja. Wakuba atamva malikhweru kutsogolo ndi kumbuyo, osaona munthu, anataya uta n'kuliyatsa liwiro. Ng'ombe zonse zinabwerera kukhola popanda wina kuombanso mfuti.

Diso lija linatupa ngati bango la boloma, ndipo litaphwa linkangoona nkhungu. Za zikho zinathera pomwepo. Kamtedza anapinda mphasa yake misozi ikutsika m'diso lotsalalo, chifukwa ankadziwa kuti ng'ombe sanapulumutse ndi iye. A Nasoko anamuona, natenga madeya.

"Nkhuku inu, ng'ombe zanga zilipo zonse, choncho mphasa ya wina iyalidwenso. Mfuti asunge Nangondo. Koma paseli pa nkhokwe pali khasu, ndipo khasu silifuna kutsinzina."

M'mawa mwake Kamtedza anakalima, ndipo madzulo anali woyamba kufika pabwalo la mpira atavala malaya akale. Kuyambira pamenepo panalibe wogwa msanga kuposa iye. Ngakhale njiwa ikangouluka pafupi, mwamuna anali kale pansi. A Bwanali anapirira masiku angapo osafunsa, koma tsiku lina zinawakanika, namufunsa pagulu chifukwa chimene sanazindire muvi umene ankauona ndi maso ake ukubwera.

"Ndimafuna ndione pamene ukhotere," anayankha Kamtedza.

A Nasoko ankadutsa m'mbali mwa bwalo ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Nkhuku panalibe, choncho anangoyang'ana kumbali nauza mtengo wa mbawa: "Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso."