Mipira Yofewetsa Yunifolomu ya Kwaya

M'mudzi wina, umene dzina lake tilibisa posunga ulemu wa eni ake, munali kwaya ya amayi ya mawu okoma koma ya vuto limodzi. Ikafika nyengo yotentha, yunifolomu yawo ya nayiloni inkathetheka ngati mbaliwali n'kumamata m'miyendo, moti amayiwo ankavina dzanja limodzi lili m'mwamba, lina likukoka siketi.

Kutatsala sabata imodzi kuti kuchitike mpikisano wa makwaya, mtsogoleri wa kwayayo, Mayi Nasimango, analandira kaphukusi kuchokera kwa mwana wawo wa ku Joni. Munali mipira isanu ndi umodzi ya ubweya wa nkhosa, yaikulu ngati malalanje, ndi kapepala ka Chingerezi.

Poti mutu umodzi susenza denga, tsiku lomwelo kunabadwa Komiti Yaikulu Yoona za Mipira ndi Kufewa kwa Zovala. Wapampando anakhala Bambo Chidzanja, mlimi wa fodya, pa chifukwa chomveka chakuti kwawo kunali mipando yambiri. Udindo wa Katswiri Wamkulu wa Zinenero Zakunja unagwera mphunzitsi wina wopuma, yemwe ndi amene akulemba nkhani inoyi nkhope ili pansi.

Katswiriyo anavala magalasi natsokomola kawiri.

"Akuti mipirayi muiike pamodzi ndi zovala m'chowumitsira," anatero. "Ikamagundagunda zovalazo zimafewa, kuthetheka konse n'kutha."

"Aphunzitsi, chowumitsiracho si makina a magetsi?" anafunsa Mayi Nasimango. "Bwanji ndimuimbire mwanayo atiuze?"

"Mayi, Chingerezi ndachiphunzitsa zaka makumi atatu. Mukafunse mwana ine ndili pompano?"

Bambo Chidzanja anaimirira mwaulemerero. "Chowumitsira tili nacho. Balani yanga yakhala ikuwumitsa fodya kuyambira nonsenu mukadali atsikana."

Lachinayi m'mawa, masiketi ndi mabulauzi onse anapachikidwa m'balanimo. Poti kapepala kananena za kugunda, amuna awiri olemekezedwa ndi udindo wa Oponya Mipira analowa n'kumagenda zovalazo mpaka thukuta kamukamu. Atatuluka chitseko chinatsekedwa, ndipo Wapampando anasonkha moto monga amasonkhera fodya wa giredi yoyamba.

Masana chitseko chinatsegulidwa. Siketi ya Mayi Nasimango, mayi wathupi ndithu, inali itakhwinyata mpaka kufanana ndi mpango wa m'thumba, yolimba ngati chikopa chouma. Mipira yokha ndiyo inatuluka yathanzi.

Mayiwo anaitola siketiyo, naiyang'ana nthawi yaitali. Yunifolomu yonseyo anaisoka ndi iwo, miyezi itatu, pa makina opalasa ndi mwendo.

"Aphunzitsi," anatero, "Loweruka tikaimba titavala chiyani?"

Katswiri anazindikira mwadzidzidzi kuti magalasi ake akufunika kupukuta.

Loweruka amayi anapita ku mpikisano atavala zitenje zawo zakale za thonje, mitu ili yowerama. Koma zitenjezo sizinathetheke, sizinamate. Kwa nthawi yoyamba manja onse awiri anali omasuka. Anawomba m'manja, anavina fumbi koboo, ndipo anabwerako ndi chikho.

Komiti inakumana mwachangu n'kugwirizana kuti mipira yagwira ntchito yotamandika, popeza palibe siketi ndi imodzi yomwe imene inamata munthu tsikulo. Wapampando anajambulitsa atanyamula chikho. Katswiri anakwezedwa kukhala Katswiri Wamkulu Zedi, ndipo sanakane.

Mbiri inawanda. Lolemba kunafika nthumwi za kwaya ya kutsidya, imene inakhala yachiwiri, kudzabwereka mipira yodabwitsayo. Komiti inayamba kukambirana zokana, koma Mayi Nasimango anali atalowa kale m'nyumba. Anatuluka ndi kaphukusi kaja nakapereka ndi manja awiri.

"Tengani yonse, anzanga," anatero mwaulemu. "Koma mipirayi payokha sigwira ntchito. Mutengenso aphunzitsiwa, ndipo musafulumire kuwabweza."