Don Nibaldo Wolanda Anthu Nsapato

Kuno ku Lonquimay aliyense amene anagulapo jombo za sikii, masewera otsetsereka pachipale chofewa kuphiri, kwa malemu Don Nibaldo Quilodrán amayamba n'kunena chinthu chimodzi: mkuluyo ankalanda anthu nsapato. Ukangokhala pabenchi yawo n'kuvula zako kuti uyese jombo, iwo ankazikola ndi ndodo yaitali ya ngowe kunsonga n'kuzipachika pamtanda wa denga. Kuyambira pamenepo unali wawo. Panja chipale chofewa chili cholekeza m'mawondo, ndani angathawe ndi masokosi okha?

"Phazi limayamba ndi bodza," ankatero. "Lisiyeni litope kaye, linena zoona."

Ndiye munthu unkakhala pamenepo mapazi ali m'zigoba za pulasitiki, zomangira zachitsulo zitakuluma, kudikira kuti phazi lako liulule. Wansembe wathu wakale, bambo Hilario, anangoti apatukeko pang'ono popita kutchalitchi.

"Don Nibaldo, ndili ndi ukwati masana ano."

"Anawo adikirana zaka, bambo. Adikirebe pang'ono. Chala chanu chaching'onochi n'chimene chili pamavuto."

Ukwatiwo bambo Hilario anaudalitsa atavala jombo kunsi kwa mkanjo, gugudu gugudu kuzungulira guwa. Itafika nthawi yogwada, bambo anangopinda mawondo pang'ono ngati munthu wofuna kulumpha ngalande. Mayi wina wa ku Santiago naye analoza jombo zoyera zogwirizana ndi jekete yake, nati, "Ndikufuna izo." Don Nibaldo anayang'ana mapazi ake n'kuyankha kuti, "Izo sizikukufunani inu." Anatuluka madzulo ndi zakuda.

Yasna Millapán ankazidziwa nkhani zonsezi, n'chifukwa chake pasitolopo ankadutsira kutsidya kwa msewu. Anali mtsikana wosalankhulalankhula, wogulitsa matikiti patsinde la phiri pomwe anthu amakwerera mipando yoyenda pachingwe. Kanyumba kake ka matabwa kanali kakang'ono moti akafuna kuvula jekete ankayamba watsegula chitseko. Phiri ankangolionera pakawindo kongokwana dzanja. Chimene mtima wake unkafuna chinali kulowa gulu la opulumutsa, aja a majekete ofiira amene amatsitsa ovulala pamachira otsetsereka.

Anali atayesapo kale mayeso ake chaka chapitacho, atavala jombo za mchimwene wake, mapazi akusambira m'kati. Pokhota penapake iye anakhotera kumanzere, jombo n'kupitirira kutsogolo. Thumba la mchenga loimira wovulala linafika pansi lokha ndi machira ake, bwinobwino, ndipo tauni yonse inaseka mpaka chipale chinasungunuka. Lamulo la gululo linali lakuti munthu amayesa kawiri basi. Akalepheranso, kanyumba kaja kanali kake mpaka ukalamba. Kupatula mayi ake, Yasna sanauze munthu aliyense kuti ayesanso.

Choncho m'mawa wina, mayeso atayandikira, anaoloka msewu uja.

"Khala apo, mwana wa Uberlinda. Vula."

Asanaganize n'komwe zobwerera, nsapato zake zinali zikulendewera kudenga. Don Nibaldo anagwira mapazi ake n'kumawadina ngati munthu wosankha mapeyala pamsika.

"Lamanzereli ndi la mayi ako, lopyapyala, louma mutu. Lamanjali ndi la malemu bambo ako, lophwatalala ngati mkate wokhaliridwa. Ukwati wa anthu awiri aja sunagwirizane mpaka kumapazi. Ukufuna jombo zochitira chiyani?"

"Zongosewerera Lamlungu," Yasna anayankha akuyang'ana pansi.

"Ehe. Zongosewerera utakoka thumba la mchenga."

"Chonde musauze anthu."

"Ine ndimacheza ndi mapazi okha, mwanawe. Anthu ndilibe nawo nthawi."

Anatsitsa jombo zabuluu zooneka ngati za mwana wa pulayimale. Anaziika mukauvuni kawo kamagetsi, momwe ankafunditsiranso buledi wawo, zitafunda n'kumulonga mapazi m'menemo. Zomangira zinatsekedwa chimodzichimodzi, ndipo pa chomaliza Yasna anamva ngati mtima wake watsikira kuzala.

"Zikundithina."

"Pati?"

"Paliponse."

"Paliponse si malo. Imirira. Pinda mawondo. Zala zachokako kutsogoloko?"

"Pang'ono."

"Ndiye khala, tidikire."

Anakhala. Dzuwa linachoka pawindo la kum'mawa n'kukafika la kumadzulo. Mapazi anatentha, kenako anachita dzanzi, kenako anabwerera ali ndi madandaulo atsopano. Mkuluyo anamwa tiyi, anakangana ndi wailesi, anasesa m'sitolo mozungulira jombo zake ngati Yasnayo ndi mwendo wa tebulo. Pomalizira pake ululu wonse unasonkhana malo awiri, pachala chaching'ono cha kumanja ndi pakakolo wa kumanzere. Yasna analoza.

"Eya, tsopano zalankhula," anatero Don Nibaldo mosangalala. Anamuvula jombozo, anafunditsa pulasitiki pa malo awiriwo, anawatukula ndi chitsulo, anapala ndi tupa. "Uzizivala kunyumba tsiku lililonse. Posesa, pophika, pochapa. Masokosi opyapyala, osati aubweya a mayi ako aja."

Masiku otsatirawo nyumba ya Doña Uberlinda, mayi a Yasna, inkagwedezeka. Mbale zinkalira m'kabati, mphaka anasamukira kwa aneba. Madzulo Yasna ankavula jombo mogwiriza khoma, mayi ake akuyang'ana chikhadabo cha kuphazi chimene chinayamba kuda.

"Nibaldo uja anali wankhanza kuyambira kusukulu," ankatero. "Ankamanga ana zingwe za nsapato pansi pa desiki. Ndiye akuti amazifewetsa bwanji zimenezi?"

"Amaziika mu uvuni, amayi."

"Ooh," anatero mayiwo.

Kuno chilichonse cholimba kapena chonyowa chimalowa mu uvuni wa chitofu cha nkhuni: nsapato za ana, magolovesi, nkhuni zaziwisi, ngakhale kamwana ka nkhosa kobadwa kukuzizira. Kutatsala tsiku limodzi kuti mayeso achitike, Yasna anapita kuntchito n'kusiya jombo pakhomo. Pobwera masana analandiridwa ndi fungo. Jombo zinali patebulo, yamanzere itayasama kukamwa ngati nsomba, ndipo malo awiri aja amene Don Nibaldo anatukula anali atafafanizika.

"Ndimati zifewe, mwanangu. Wanena wekha kuti iye uja amatero."

Yasna sanalire. Ananyamula jombo n'kuyamba ulendo, mayi ake akumutsatira pambuyo ndi shawelo.

Don Nibaldo anazitembenuza uku ndi uku, anazinunkhiza.

"Uberlinda, mchere unathiramo?"

"Usandiyambe, Nibaldo. Mwana wanga akuyenda ngati bakha chifukwa cha iwe."

"Ine ndimafunditsa. Iwe waphika. Zinatsala pang'ono kuti muzidyere mbatata."

"Ungazikonze kapena ungolongolola?"

"Khala apo, uumitse mapazi, wanyowa."

Mayiwo anakhala, anavula nsapato zawo n'kuziika pafupi ndi moto. Atacheuka, zinali kudenga.

Don Nibaldo anafunditsanso jombo zija pang'onopang'ono, akuziwongola ndi manja, akudandaula chamumtima. Anaika tizidutswa ta siponji pachala ndi pakakolo pa Yasna kuti pulasitiki ipatuke pamenepo, anamuveka jombozo zikadali zotentha, n'kumanga zomangira mpaka pomalizira.

"Nthawi yodikira kuti zizizire zokha tilibe," anatero. "Tiye panja."

Kutsogolo kwa sitolo kunali mulu wa chipale chokokoledwa mumsewu. Anamuimika pakati pake, mawondo opinda, manja kutsogolo, n'kumukwirira ndi fosholo mpaka m'misongolo.

"Mmene uliri pano ndi mmene zidzaumire. Ukasuntha chidendene, ziuma zopotoka, mawa ukagwa. Ndikuuza ine nthawi yotuluka."

Apo n'kuti basi ya antchito a kuphiri ikulowa m'tauni. Inaima pomwe imaima masiku onse, tsidya lina la msewu, n'kukhuthula aliyense amene Yasna ankamubisira: oyendetsa mipando, ophika, aphunzitsi a sikii, ngakhale a majekete ofiira amene. Onse anaima. Yasna anayang'ana chitseko cha sitolo. Chinali pafupi kwambiri, mwendo umodzi kukoka, wina kutsatira, basi walowa.

"Don Nibaldo, mwadzala chiyani chaka chino?" anafunsa woyendetsa basi.

"Muzimuthirira, mwina aphuka," anatero wina.

"Yasna, thumba la mchenga lija limakufunsa. Likuti linafika bwino."

Anthu anaseka mpaka ena anagwira m'mimba. Nkhope ya Yasna inatentha kuposa mmene jombo zinatenthera. Don Nibaldo anali atatsamira fosholo yawo, osayang'ana anthu, osayang'ananso nkhope yake, maso ali pachipale pomwe panali zidendene.

Ndiye mayi wina wophika kuhotela anafunsa, osati moseka kwenikweni, "Koma jombo zolimba chonchi n'zachiyani, iwe? Usatiuze kuti uyesanso."

Mawu a Yasna, amene anthu anazolowera kuwamvera pakawindo, anatuluka aakulu moti iye mwini anadabwa.

"Eya, ndiyesanso. Mawa m'mawa."

Chidendene sichinasunthe.

Wina anayamba kuseka koma anapeza kuti akuseka yekha. Mayi wophika uja anaoloka msewu n'kumukulunga mpango wake m'khosi. Wina anabwera ndi tiyi n'kumumwetsa ngati mwana, poti manja sankaloledwa kutsika. M'kati mwa sitolo Doña Uberlinda ankagogoda galasi ndi chala, ali ndi masokosi okha, akulalatira aliyense mawu osamveka.

"Musamuseketse," anatero Don Nibaldo, "akugwedeza akakolo. Dzipitani kwanu, mapazi anu onse ndikuwadziwa, palibe lonyadira."

Palibe anachoka. Anadikira naye mpaka mkuluyo anagogoda pulasitiki ndi chala, n'kunena kuti, "Zauma."

Mawa lake Yasna ndi thumba la mchenga anafika pansi limodzi. Atakhota iye, jombo zinakhota naye. Chikhadabo chija chinathothoka patapita masiku, koma jekete yofiira anali atavala kale. Atapita kukawauza Don Nibaldo, iwo sanayang'ane jeketeyo n'komwe.

"Vula sokosi tione."

Don Nibaldo anakhala choncho zaka zambiri, akulanda nsapato za atsopano ndi akale omwe, mpaka chaka china anamwalira chipale chitangoyamba kusungunuka, ntchito ya nyengoyo itatha, ngati munthu wosafuna kusiya phazi la mwini lili pakatikati. Kumaliro kwawo anthu anakamba nkhani zawo mokweza, aliyense kufuna kuti iye ndiye akhale amene anasungidwa nthawi yaitali kuposa onse. Doña Uberlinda anakhala kumbuyo, osanena kanthu, ndipo anthu anadabwa chifukwa sichinali chikhalidwe chawo.

Sitolo ija anaigula anthu ena. Anaipaka utoto, anaika magalasi aakulu ndi nyimbo. Ndi anthu aulemu, sakangana ndi munthu. Msewu wathu masiku ano ndi wachangu, anthu amalowa n'kutuluka, ndipo palibenso amene amachedwa ku ukwati kapena kuntchito n'kukhala ndi chifukwa chomveka. Ukadutsa pamenepo madzulo sumvanso mkangano. Sumvanso munthu wamkulu ndi ndevu zake akuchonderera kuti amumasule.

Chaka chatha jombo zabuluu za Yasna zinang'aluka pachidendene. Anazimanga ndi waya kwa milungu ingapo, kenako anagonja n'kupita kusitolo kuja.

"Mumavala nambala yanji?" anafunsa mayi wogulitsa, akumwetulira.

Yasna anatsegula pakamwa, n'kupeza kuti sakudziwa. Palibe anamuuzapo. Mayiyo anangoyerekeza ndi maso n'kubwera ndi bokosi.

"Zikukukwanani?"

"Ndikuganiza choncho."

"Ndiye zanu zimenezo."

Phazi lake silinagwidwe ndi munthu. Anayenda kubwerera kunyumba bokosi lili m'khwapa, tsiku lonse limene anapempha kuntchito lili chikhalire patsogolo pake. Anapeza mayi ake ali pafupi ndi chitofu, akusenda mbatata ndi manja amene tsopano ankanjenjemera. Mayiwo anayang'ana bokosi, anayang'ana dzuwa pawindo.

"Wabwerako msanga," anatero.

"Eya, amayi."

Yasna anakoka mpando, anatenga mpeni wina, ndipo anasenda limodzi.