Kamuvi Katafika Pofiira

Tsiku limenelo kunali dzuwa loswa mtengo. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango, mabelu a njinga zonyamula nsomba ankamveka mumsewu wa ku Chiuta, ndipo ine ndinali pakhonde, foni m'manja, ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha chinthu chimene ndikanayenera kuchilirira.

Ndiyambe bwino. Gulu lathu la ogulitsa nsomba zouma za ku Amaramba lili ndi tsamba la pa intaneti. Analikonza ndi mwana wanga Telma, amene amagwira ntchito ku Cuamba, kuti ogula akutali aziona mitengo ndi kuitanitsa matemba ndi milamba sitima ya panjanji isanadutse. Tsambalo limakhala pa makina a kampani ina, kumene tinachita lendi kamalo kotchipa. Telma anandifotokozera kuti kuseri kwa tsambalo kuli nkhokwe yosungira mitengo ndi mayina. Munthu akatsegula tsamba, makina amathamangira kunkhokweko kukatapa. Anthu akachulukitsa makina amatopa, kampani n'kutseka chitseko.

"Ababa, inu ndinu odekha," anatero pondionetsa pafoni. "Muziyang'anira kamuvi aka. Pobiriwira ndi mtendere, pachikasu chenjerani, pofiira mundiimbire msanga."

Ntchitoyi ndinaigwira mokhulupirika, koma ndinkangoyang'ana kamuviko. Tsamba lenilenilo sindinkalitsegula (mitengo ya matemba ndimaidziwa pamtima, ndikaonerenjinso?). Amene ankalembapo zinthu ndi mlamu wanga Rozalina, mng'ono wa malemu mkazi wanga, munthu wa pakamwa posapuma. Kuyambira pomwe akuchikazi anandisudzula mwambo wa maliro utatha, iyeyu wakhala akundinena kuti ndikalamba ndikudzitungira ndekha madzi.

M'mawa umenewo kamuvi kanakwera pachikasu. M'malo mochenjera, ndinakondwa: nsomba zathu zatchuka! Ndinapalasa njinga kupita kumsika, ndipo kumeneko aliyense ankandimwetulira. A Jafali, msodzi amene saseka chisawawa, anandigwira dzanja osalitaya.

"Akulu, tsamba lija mwaliona?"

"Woliyang'anira ndine, m'mawa ndi madzulo."

"Ndiye mwagwirizana nazo?"

"Kwambiri! Pitirizani. Uzaninso abale anu a ku Malawi alowepo."

Anakhosomola, n'kuyang'ana kumbali.

Lamulungu, kamuvi kali m'malire mwa pofiira, ndinaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza (ine amene chaka chimatha osatsegula pakamwa kupatula poimba). Ndinati, "Abale, zimene zikuchitika pa tsamba lathu ndi yankho la pemphero langa la nthawi yaitali. Ndinkasowa nazo tulo. Musatope, ndipo amene simunalowepo, khomo n'lotsegula." Kumbuyo kunamveka nthungululu. Amayi Estere, amasiye amene amagulitsa mandasi ku Entre Lagos, anaphimba nkhope ndi kapulana, chitenje chawo. Ndinangoti mzimu wawakhudza.

Pofika masana kamuvi kanagona pofiira. Ndinazengereza kuimbira Telma, poti madalitso munthu sawanenera ngati mlandu. Mawa lake, tsiku limene ogula amaitanitsa katundu, tsamba linazima. Matumba a matemba ali mbwee, oitanitsa zii. Telma anaimba yekha.

"Ababa, kamuvi kanafiira liti?"

"Dzulo, mwanangu. Ndimayesa ndi malonda."

"Malonda ake ati? Pa mitengo sipanafike anthu ambiri. Onse aunjikana pa katsamba kamodzi kamene alemba azakhali a Rozalina. Pali chithunzi chanu, mutavala jekete lija la pa ukwati wanga."

"Chithunzi changa chikutani pakati pa milamba?"

"Pamwamba alemba kuti, 'Timusankhire ndani mkuluyu?' Pansi pali amayi atatu, mmodzi wa iwo ndi amayi Estere, ndipo anthu akuvota."

Ndinakhala pansi, ngakhale ndinali nditakhala kale. Telma anapitiriza kufotokoza ngati namwino wouza munthu matenda ake. Aliyense akavota, makina ankabwerera kunkhokwe kukawerenga mavoti onse kuyambira pachiyambi. Achibale a amayi atatuwo, mpaka a tsidya la malire ndinawaitana ndekha aja, ankavota mobwerezabwereza, n'kumatsegulanso kuti aone amene akutsogola. Makina a lendi yotchipa akanapirira bwanji chisankho choterocho?

"Ndamvanso kuti munalengeza m'tchalitchi kuti munkasowa nazo tulo," anatero. Kenaka kunamveka phokoso lachilendo. Iye akuti inali rede, netiweki ya foni, ikuvuta. Ine kuseka kwa mwana wanga ndimakudziwa.

Madzulo Rozalina anabwera ndi amayi ena a m'gulu, onse atavala nkhope za pamaliro zimene sizinkawakwana.

"Alamu, ine ndimangoyesa ngati kovotera kaja kamagwira ntchito."

"Osayesera pa mtengo wa milamba bwanji?"

"Milamba angaivotere ndani? Katundu wosowa m'boma lino ndinu, alamu. Mwamuna wosamwa, wa njinga yake, mano onse alipo!"

"Ndipo inuyo munati tipitirize," wina anawonjezera ali kumbuyo kwa mnzake.

Zimenezo zinali zoona.

Telma anachotsa katsambako, anachonderera a kampani, ndipo tsamba linayakanso sitima itapita kale. Matemba a sabata imeneyo tinawapalasira panjinga mpaka ku Entre Lagos n'kuwagulitsa motaya. Ndikupuma pasiteshoni, amayi Estere anandipatsa mandasi otentha, n'kukana ndalama. Tonse tinkayang'ana njanji.

Masiku ano ndikaona kamuvi kakukwera, ndimayamba ndatsegula tsamba kuti ndione chimene anthu akuthamangira, kuthokoza kumabwera pambuyo. Amene anapambana chisankho chija sindinafunse (Telma anayamba kundiuza yekha, ndipo sindinamudule mawu).

Rozalina ndi anzake aja ndinawakhululukira.