Sikuta Imene Fabiano Anandilanda

Amene anandilanda ntchito ndi sikuta yanga ndi Fabiano Zulu, mlamu wanga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga, ndipo anachita zimenezi ku Lusaka masiku a chipani chimodzi, pamene munthu sunkagula ngakhale tomato pamsika ulibe khadi la chipani. Ndikulemba izi chifukwa cha inu a pano pa Mchinji amene mumaseka ndikamakankha kanjinga kanga kopanda mabuleki, n'kumanong'onezana kuti mkulu uyu sanaphunzitsepo munthu Chingerezi popeza sukulu anasiyira Sitandade Thuu. Inde, ndinasiyira pomwepo. Anakuuzani ndani kuti Chingerezi chimakhala m'kalasi? Ine changa ndinachitola kukhitchini kwa mzungu ku Zomba, zaka zonse zimene ndinkamuphikira, chikadali chotentha, chochokera pakamwa pa mwini wake. Wotsutsa abwere ndi mboni.

Ndinapita ku Lusaka pa lole ya mtedza n'kufikira kwa Fabiano ku Kabwata, kumene ankandigoneka pakhonde. Iye anali mesenjala mu ofesi ya bwana wina wamkulu m'boma, a Mwansa, amene anali atangolowa m'nyumba yosiyidwa ndi azungu ku Kabulonga. Bwanayo ankafuna munthu wophunzitsa mkazi wake Chingerezi, chifukwa alendo akafika mayiyo ankathawira kuseri kukasankha nyemba. Fabiano anapita kukayesa mwayi ndi setifiketi yake ya m'felemu. Ine ndinangomuperekeza, nditamunyamulira ambulera.

Pabwalo la nyumba ya a Mwansa panali galu wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, wosiyidwa ndi azungu aja, amene sanamverepo munthu chichokereni eni ake, chifukwa Chinyanja sankachidziwa ndipo Chibemba ankadana nacho. Fabiano atamulankhula Chingerezi cha m'buku, galu anamung'amba buluku kuyambira m'chiuno mpaka kuchidendene, koma ine nditangotulutsa mawu atatu monga ankawatulutsira bwana wanga wa ku Zomba supu ikachedwa, galu uja anakhala pansi, nagwetsa misozi, napita kukanditengera mpando ndi mano ake, nabwereranso kukatenga katebulo, naimirira pambali kudikira ngati ndingafune tiyi. Mukumva? A Mwansa sanafunsenso pepala.

"Ba Phiri, muyambe mailo," anatero.

M'mawa mwake ndinayambadi. Mbiri itafika kwa akazi a mabwana ena ku Woodlands, Northmead ndi Chelstone, a Mwansa anandipatsa sikuta, kanjinga kamoto kobiriwira ka matayala aang'ono ngati mbale, kuti ndiziwafikira onse. Anthu inu simunaonepo liwiro. Ndinkathira tiyi m'kapu ku Kabwata, n'kukaphunzitsa ku Kabulonga, n'kudutsa ku Woodlands, n'kukamalizira ku Chelstone, pobwera n'kupeza tiyi uja akadawotcha milomo, pamene mthunzi wanga unkafika madzulo, wotopa, utachita kukwera basi. Petulo atasowa m'tauni monse, magalimoto atandandalika pamzere, ine ndinkathira kachasu m'thanki, sikuta n'kumayenda bwinobwino, kungoti inkaima yokha kupereka moni kwa munthu aliyense ndipo Lolemba inkavuta kudzuka. Fabiano ankaziona zonsezi akupalasa njinga ya ofesi ndi makalata a anthu ena, ndipo ngakhale ndinkamukweza Lamlungu popita ku Misa, sanandithokozepo.

Tsopano mverani mmene anandidyera miseche. Kunkabwera mlendo wamkulu wochokera kunja, ndipo Mayi Mwansa anasankhidwa kuti akapereke maluwa kwa mkazi wa mlendoyo kubwalo la ndege ndi kumulonjera m'Chingerezi. Tinakonzekera milungu itatu, mpaka galu uja analoweza mawu onse. Pa tsikulo a Mwansa anatsogola m'mamawa ndi akuluakulu anzawo, ine n'kupita ku Kabulonga kuti tikabwerezenso komaliza. Ndinapeza mayi ataima pageti, atavala chitenje cha chipani, maluwa ali m'manja, dalaivala ali pansi pa galimoto.

"Ba ticha, motoka yakana," anatero. "Ndeke ili pafupi. Ba Mwansa bazanipaya."

"Kwerani, mayi."

Anakhala cham'mbali, miyendo yonse mbali imodzi monga amakhalira mzimayi waulemu, kenako anafufuza kumbuyo ndi dzanja. "Nigwile kuti?"

Apa ndiye panali cholakwa changa, ndipo ndi chimodzi chokha. Kumbuyo kwa mpando kumakhala kachitsulo koti wokwezedwa azigwira, kuti mkazi wa mwini asakhudze thupi la mwamuna amene si wake. Ine ndinali nditakamasula kalekale kuti ndizimangirirapo bolodi yanga yolembapo. Ndinawauza kuti agwire mpando, iwo anagwiradi mpando, mpaka pamene ndinapotokola dzanja kuwonjezera moto.

Tinatuluka m'Kabulonga mitengo ikuwerama, tinapeza apolisi atatseka msewu waukulu wa ku Chipata ndi migolo, sikuta inalumpha migolo ija pamodzi ndi wapolisi wamtali kwambiri mwa onse, n'kumuchotsa chipewa chimene chinakatera ku Northmead patapita masiku awiri, ndipo apo m'pamene mayi anasiya mpando n'kundigwira m'chiuno ndi manja onse, maluwa atawaluma m'kamwa. Ine ndinkafuula mawu a malonje kutsogolo, mphepo n'kuwapititsa kumbuyo, iwo n'kumawabwereza kudzera m'maluwa momwemo. Tinapitirira njinga zamoto za apolisi, tinapitirira galimoto za nduna, tinapitirira ndi ndege yomwe ikutsika, woyendetsa wake n'kutsegula zenera kufunsa ngati ali panjira yoyenera. Ndinamulozera ndi chibwano. Mukumva?

Chimene sindinaganize n'chakuti masiku amenewo mlendo akamabwera, misika inkatsekedwa, masukulu ankatsekedwa, anthu onse n'kuwandandalika m'mbali mwa msewu kuyambira m'tauni mpaka kubwalo la ndege. Anali ataima padzuwa chiyambire m'mawa osaona kanthu. Atationa ife anayesa mlendo wafika. Amayi a chipani anayamba nthungululu, ana anakupiza timbendera, ng'oma zinalira, Lusaka yense akuyang'ana mkazi wa a Mwansa atakumbatira chiuno cha Mnyasa. Pa mphambano ya ku Chelstone panali Fabiano, atavala kansalu ka chipani pamkono, akuwongola mzere. Iye yekha ndi amene sanawombe m'manja.

Tinafika ndege isanatsegule chitseko. Mayi anakonza duku, napukuta maluwa, napita patsogolo, nalankhula mawu onse osaphonya ngakhale amodzi. Mkazi wa mlendo uja anamwetulira, natembenukira kwa womasulira wake. Anali wa dziko lolankhula Chifalansa, Chingerezi sankachimva n'komwe. Limenelo si vuto langa. Ine ntchito yanga ndinaigwira.

M'mawa mwake Fabiano sanadikire kuti apeze bwana ali yekha, monga akanachitira munthu woleredwa. Analowa ndi makalata a Mwansa ali ndi akuluakulu anzawo anayi akumwa tiyi. Wothira tiyiyo ndi amene anandiuza mawu ake.

"Shani bwana. Sinifuna kukamba, koma tauni yonse yaona. Amai benze bagwila uja Munyasa mu chiuno, manja yabili, kuchoka ku Kabulonga mpaka ku eyapoti. Ni mulamu wanga, koma nsoni zanigwila."

Masana a tsiku lomwelo a Mwansa anandiitanitsa kunyumba. Sanandipatse mpando, ndipo galu atafuna kukautenga anamukalipira.

"Ba Phiri, ine ninakuuzani muphunzise mukazi wanga chizungu. Manje chiuno chanu chabwelamo bwanji?"

"Bwana, akanapanda kugwira, bwenzi lero mukukawatsitsa mumtengo ku Chelstone."

"Sembe anagwa chabe. Kugwa kulibe nsoni. Siyani makiyi pa tebulo."

Ndinasiya. Ndikutuluka pageti wapansi, Mayi Mwansa anasuzumira pazenera misozi ili m'maso, nafuna kunditsanzika m'Chingerezi, koma poti zotsanzika tinali tisanafikepo, anandilonjera ndi mawu onse a kubwalo la ndege aja, kundilandira m'dziko la Zambia ndi kundifunira masiku abwino. Akazi a mabwana ena anamva, mageti onse n'kutsekeka. Fabiano anandiuza kuti khonde lake likufuna kupakidwa utoto. Mlungu usanathe ndinali pa lole yobwerera kuno.

Ntchito anapatsidwa Fabiano, ndi sikuta yomwe. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kubwezeretsa kachitsulo kaja, ndipo anawotcherera kenanso kachiwiri kuti aliyense aone. Anaphunzitsa akazi a mabwana zaka zambiri Chingerezi chake chozizira chija, anamanga nyumba ku Chelstone, anakhala mkulu wa mpingo. Sanandilembereko kalata. Anamwalira ali m'tulo, wokalamba, wonenepa, pa matilesi. Pamaliro pake panabwera mabasi atatu, ndipo mlaliki anati anali munthu wosadziwa miseche.