Tiyi wa Anthu Awiri

Lolemba

Thupi labwerera ku Mzuzu, mutu watsala ku Kenya. Msonkhano womwe yunivesite inanditumako ndauiwala kale, koma tsiku lomaliza lija ayi. Atitengera ku munda wa tiyi. Khonde lalitali, mapiri obiriwira ngati wina wawapesa, nkhungu ikuyenda chonyang'ama, kakapu kakang'ono koti chala sichilowa pa chogwirira. Ndipo bata! Bata loti munthu ukhoza kunena chilichonse chili mumtima.

Ndipeza nkhani ku ofesi: a Nyagondwe a ku laibulale awapezera malo a ntchito ku Blantyre. Lolemba likudzali akayankhe ngati akupita. Ine zaka zonsezi mawu anga kwa iwo ndi "mwauka uli" basi. Digiri ziwiri, chiganizo chimodzi.

Ndaganiza. Loweruka masana, pakhonde panga ku Chiputula kuno, tiyi wa anthu awiri. Zofunika:
makapu ang'onoang'ono
buledi wa nkhaka, wodula makona
zobiriwira zoti maso azipumirapo
bata
kulimba mtima (ngati kungapezeke kugolosale kwa Che Saidi)

Lachiwiri

Ndikhala pakhonde kuyeserera. Patsogolo panga: njerwa, mchenga, ndi zipinda zatsopano zomwe a landilodi, amama Nyachirwa, akupitiriza kumangira ana a yunivesite. Pachingwe pali majinzi asanu ndi kabudula wa munthu wosaopa Mulungu.

Koma kumanzere kuli heji. Ndivula magalasi. Ha! Kenya yeniyeni! Hejiyo ikusanduka munda, kabudula uja mtambo. Ndikhala choncho mpaka udzudzu undikumbutsa kwathu. Vuto ndi lakuti a Nyagondwe maso awo ndi abwinobwino.

Kugolosale ndifunsa masamba a tiyi abwino, oti munthu amwe wopanda shuga ndi mkaka. Che Saidi andiyang'ana mwachisoni. "Pepani achimwene, akupezani nayo liti shugayo?"

Lachitatu

Makapu oyenera ali m'kabati ya galasi ya amama Nyachirwa. Chilowereni m'nyumba muja sanalawepo tiyi. Ntchito yawo ndi kuonedwa. Ndipita kukabwereka, chipewa m'manja.

"Makapu anga? Kuli chiyani, adada?"

Ndifotokoza za khonde, za nkhungu, za mlendo wapadera. Iwo amvapo mawu amodzi.

"Tea party?"

"Eya, ngati yomweyo," ndikutero ine, munthu wophunzira.

Nthungululu! Nkhuku zibalalika. Ndikubwerera kunyumba ndi makapu awiri, ndikudabwa kuti mayi wachikulire angakondwere chonchi ndi tiyi. Pakhomo penipeni ndi pomwe ndikumbukira: kuno tea party ndi phwando lomwe amayi amakonza munthu akafuna kukwatira, lovina ndi kuponya ndalama m'beseni. Ndiyenera kubwerera ndikawongole. Koma kukuwaza kamvula, ndipo heji ikuoneka bwino kwambiri. Mawa.

Lachinayi

Ndawaitana! Pakati pa mashelefu, potsamira mabuku a zaulimi. "Loweruka masana kwathu kuli tiyi." A Nyagondwe akweza maso pang'onopang'ono, ngati dzuwa la ku Mzuzu mu Juni. "Yewo chomene, ndibwera." Ndituluka osagunda pansi. Tsiku lonse ndiphunzitsa ndikumwetulira. Ana akuganiza kuti mayeso ndawafewetsa.

Madzulo ndipeza amayi a kumpingo adzaza pabwalo la a landilodi. Pali wapampando, pali komiti ya mandasi. Anyamata a m'zipinda zija akuti zoimbira abweretsa ulere, "chifukwa bwana mwachedwa kale." Ndikweza dzanja kuti ndilankhule. Amama Nyachirwa: "Mkwati salankhula, adada. Khalani pansi."

Ndikhala pansi.

Lachisanu

Heji adula! Akuti tenti imasowa poima. Munda wanga wonse wa tiyi uli mulu kuseri kwa bafa. Ndivula magalasi: palibe Kenya, pali mbuzi.

Aliyense akufuna dzina la mkwatibwi. A ku Chibavi amva kuti ndi namwino. A ku Ching'ambo akuti ndabwera naye kuchokera kunja, sadya kondowole. Che Saidi atumiza shuga, "wa alendo, osati wanu."

Choopsa chichitika masana. A Nyagondwe andipeza pakhomo la laibulale, nkhope yosalala ngati tebulo.

"Ndamva nkhani yabwino. Bwenzi mutangonena kuti ndi tea party. Ndibwera ndi beseni langa, ndidzathandize kutsuka."

Apa mpamene mwamuna amati: ayi, mkwatibwi kulibe, kapena alipo koma ndi inuyo. Mawu ndiwaona bwinobwino, aima pamzere pakhosi. Chotuluka: "Yewo."

Loweruka

Tiyi ali mu ndowa. Mkaka ndi shuga zathiridwa kale, akutakasa ndi mthiko. Buledi wanga wa nkhaka amama Nyachirwa amuyang'ana, amutsegula, achotsa nkhaka, apaka majarini. Makapu awiri aja abwezedwa m'kabati kuopa ana.

Bata? Zoimbira zikumveka mpaka ku Chibavi.

Andikhazika pampando wa nsalu yoyera, pambali panga mpando wina wopanda munthu. Ndivula magalasi. Tenti isanduka nkhungu, zitenje za amayi mapiri oyendayenda, ndipo kutali uko, kuseri kwa utsi, munthu mmodzi wawerama pa beseni. Ngakhale wopanda magalasi ndikumudziwa.

Mwadzidzidzi cholankhulira chili m'manja mwanga. "Mkwati atiuze dzina!" Chiputula yense chete. Bata lija ndinalifuna, ili pano, landipeza pamaso pa anthu mazana.

Ndiyamba ndi Kenya. Ndifotokoza za dothi, za mvula, za mmene amathyolera masamba awiri ndi kamphukira. Ndikuzungulira kuti ndifike pa dzina, ndithu ndikupita komweko, koma njira ikutalika. Wina akuwa: "Dzina, adada, osati jogalafe!" Anyamata akweza nyimbo. Amayi avina, agwirizana kuti mkwatibwi ndi wamanyazi ndipo mkwati ndi wozerezeka pang'ono, zomwe akuti zimayenderana.

Pomwe ndivala magalasi, a Nyagondwe apita kale.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita, ndingakalengezedwe. Tenti yachoka. Kamvula kakuwaza, ana a m'zipinda akugona, pabwalo pali zii.

Masana, kugogoda. A Nyagondwe, adzatenga beseni lawo. Ndiwapatsa mpando pakhonde, nditenthetsa tiyi wotsala mu ndowa, makapu apulasitiki, mandasi adzulo olimba ngati njerwa zili patsogolo pathuzi.

"Mkwatibwi wanu ndi waulesi," akutero. "Sanatsuke ndi kapu imodzi yomwe."

Ndiye ndinena. Zonse, mosakonza, ndasi lili m'kamwa. Kuti tiyi anali wa anthu awiri. Kuti amene anatsuka makapu onse ndi yemweyo.

Atakasa tiyi nthawi yaitali, ngakhale shuga anasungunuka dzulo.

"Ku Blantyre ndinavomera Lachisanu," akutero. "Nditangochoka pakhomo paja. Munati yewo."

Timwa. Tiyi ndi woipa kwambiri, ndipo sindifuna athe.

Ponyamuka, beseni lili m'khwapa, atembenuka pa geti. "Kuchoka ku Blantyre kupita ku Thyolo si patali. Minda ya tiyi iliko, yosafuna kuvula magalasi. Mukadzafuna, mudzabwere. Koma nokha, adada. Ndipo pakamwa mudzatenge."

Ndatsala ndi ndowa yobweza, heji yoti ndidzalenso, ndi komiti yomwe ikuti ikumananso Lachitatu kukambirana za yunifomu ya ukwati. Ulendo wa basi wopita ku Blantyre ndi wa tsiku lathunthu. Mwina nthawi imeneyo ingandikwanire kukonza chiganizo chachiwiri.