Keke wa Tadala Wopanda Tirigu

Lolemba

Mwana wanga Chisomo waimba foni kuchokera ku Blantyre. Akubwera Loweruka ndi mdzukulu wanga Tadala. Tsiku lomwelo Tadala akukwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo akuti akufuna adzakondwerere kwa agogo kuno ku Dedza.

Mutu usanaganize, pakamwa payankha kale: "Keke ndiphika ine."

Kenako Chisomo: "Amayi, mwaiwala?"

Sindinaiwale. Tadala sadya tirigu. Madokotala anapeza ali wamng'ono kuti mu tirigu muli chinthu chotchedwa guluteni chimene thupi lake limadana nacho. Akangolawa buledi kapena mandasi, mimba imatupa, kutsegula m'mimba, kugona osadzuka. Keke sakumudziwa kukoma kwake. Ku maphwando a anzake amamupatsa nthochi, iye n'kukalirira kuseri kwa chitseko.

Nanga ine ndine yani pa parishi pano? Makeke a ukwati, a ubatizo, a Ukaristia woyamba, onse amatuluka m'khitchini mwanga muno. Ndiye mdzukulu wanga yekha azidya nthochi?

Chisomo akuti m'masitolo ena mumapezeka ufa wa keke wosakaniza kale, wopanda guluteni, wa m'paketi. Ungothiramo mazira, mkaka ndi mafuta. Akuti aufunefune ku Blantyre abwere nawo Loweruka. Ndakana. Mlendo asafike n'kupeza mwini nyumba akuswa mazira. Ndiupeza konkuno.

Wapatsira foni Tadala. "Agogo, keke weniweni? Wa makandulo?" Ndalonjeza.

Dongosolo:
– mawa kugula ufa pa Boma
– Lachisanu kuphika woyeserera
– Loweruka kuphika weniweni
– kuitana amayi a mphakati wathu adzaone

Ndafotokozera bambo a Chisomo. Akuti, "Guluteni? Si mzungu uja ankatiyang'anira kunkhalango ya paini?"

Lachiwiri

Chifunga mpaka phiri silikuoneka. Juzi ziwiri, chitenje chapamwamba, ulendo wa pa Boma.

Zimene ndapeza:

Sitolo yoyamba andipatsa gulukosi. Ndabweza. Andipatsanso gulukosi wa mtundu wina.

Yachiwiri, mtsikana wa pa kauntala sanadzutse n'komwe maso pa foni: "Guluu ali ku hadiweya, mayi."

Yachitatu, mwini wake wakhumudwa. "Ufa wathu ndi wathunthu, sitichotsamo kanthu. Wakuuzani ndani kuti timachotsa?" Ndachita kupepesa, n'kugula machesi kuti tisiyane bwino.

Mu supamaketi ndavala magalasi n'kuyamba kuwerenga timalemba ta kuseri kwa mapaketi. Tirigu mu bisiketi, chabwino. Koma tirigu mu supu? Mu soseji? Tirigu ali paliponse ngati fumbi la mu Okutobala. Mlonda wayamba kunditsatira shelefu ndi shelefu, poti ndikugwira chilichonse osagula kanthu.

Ku msika, mayi wogulitsa mankhwala azitsamba wamva nkhani yanga mpaka kumapeto. "Mukuvutikiranji ndi ufa? Bweretsani mwanayo, tichotse mwa iyeyo."

Pobwerera ndakumana ndi Anambewe, oyandikana nawo nyumba. Anagwirapo ntchito ku Joni, ndipo chibwerereni palibe chimene sachidziwa. Akuti zinthu zotere zimapezeka tsidya lija la Mozambique, pa malire pomwepa. Andiperekeza mawa.

Miyendo ikuwawa. Koma ndi Lachiwiri chabe.

Lachitatu

Pa kabaza wa njinga yamoto, ine pakati, Anambewe kumbuyo atandikumbatira ngati thumba la feteleza. Mphepo ya ku malire imaluma makutu.

Tsidya lija, sitolo yamdima yodzaza mafuta ophikira, supageti ndi vinyo wa m'makatoni. Tafufuza mpaka pakona. Ndipo pamwamba pa shelefu, paketi ya chithunzi cha keke wa chokoleti. Pambali pake ajambula ngala ya tirigu, n'kuilemba mtanda. Pansi pake mawu awiri: "sem glúten".

Ndafunsa wogulitsa tanthauzo lake. Iye khutu lili pa wayilesi, akumvera mpira. "Zalembedwa pomwepo, mayi. Ine ndimangogulitsa."

Anambewe alanda paketi, aitalikitsa, aiyandikitsa. "Semu. Pa Chingerezi semu ndiye kuti chimodzimodzi. Guluteni wake ndi yemweyo. Mukanapha mwana."

Ndafunsa za mtanda uja. Akuti ndi chizindikiro chakuti fakitale yake ndi ya amishoni.

Ndabweza paketi pa shelefu, ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha Anambewe. Ndawagulira fanta.

Madzulo ndikufotokozera Chisomo mmene tapulumukira. Ndikumva akudinadina foni. Kenako kuseka. Kuseka mpaka kutsokomola. Akuti mawuwo si Chingerezi, ndi Chipwitikizi, ndipo "sem" ndiye kuti "popanda".

Ndinaugwira ufa uja m'manja mwangamu.

Anambewe ndawauza pa mpanda. Akuti, "Ndiye Apwitikiziwo alemba molakwika."

Lachinayi

M'mawa ndabwerera ku malire, ndekha. Sitolo yotseka, loko wamkulu ngati chibakera. Wogulitsa chimanga chootcha pafupi akuti eni ake apita ku maliro ku Ulongwe, abwera sabata ya mawa. Ndasuzumira pa mng'alu wa zenera. Paketi ija ili pomwe ndinaisiya, keke wa pa chithunzi akundiyang'ana.

Basi, minibasi ya ku Lilongwe. Bambo a Chisomo ndawauza pa foni kuti ndiwo za dzulo zili mu poto. Akuti, "Mukupita ku Lilongwe kukagula ufa? Nkhokwe ili yodzaza?"

Ku Lilongwe, sitolo yaikulu kuposa tchalitchi chathu, yozizira kuposa Dedza. Ndazungulira mpaka ndadutsa pa sopo katatu. Mtsikana wa yunifomu wanditengera pa kashelefu ka pansi, moyandikana ndi zakudya za odwala shuga. Ndagwada. Ulipo! Zolembedwa m'Chingerezi chomveka, koma ndajambulabe n'kutumizira Chisomo. Wayankha: "Ndi umenewo."

Kapaketi kake kochepa ngati ka mchere. Mtengo wake sindilemba muno, bambo a Chisomo amadziwa kuwerenga. Ndatenga awiri, woyeserera ndi weniweni.

Chisomo waimbanso ndi malamulo. Chilichonse chimene chinakhudzapo tirigu chisakhudze keke ameneyu: mbale, sefa, mthiko, thini yophikira, tebulo, ngakhale kansalu kopukutira. Akuti kafumbi kokha kakwanira kumugoneka mwana.

M'khitchini mwanga muli chiyani chimene sichinakhudzepo tirigu? Mwina denga. Ndikukayikanso.

Pobwerera, mu minibasi andikhazika pafupi ndi bambo wonyamula katoni ya buledi wokagulitsa ku Linthipe. Mapaketi anga ndawabisa m'kati mwa juzi, ndawafunditsa chitenje, ndatembenukira ku zenera. Bamboyo akuti, "Mayi, kodi ndi kamwana?" Ndati eya.

Lachisanu

Kukolopa kuyambira m'mawa. Tebulo ndi madzi otentha. Mashelefu. Uvuni mkati ndi kunja. Matumba a ufa wa tirigu ndawasamutsira ku chipinda chogona. Mbale ndi mthiko ndagula zatsopano. Thini ndabwereka kwa Anambewe, amene anabwera nayo kuchokera ku Joni ndipo sanaphikiremo ngakhale kamodzi. Amasungiramo mabatani.

Paketi yoyamba. Ufa wake woyera mbee, ukamaufikisa pa zala ukulira ngati sitachi. Mazira, mkaka, mafuta, monga alembera. Ndatakasa. Zamadzimadzi ngati phala la mwana wakhanda. Ndawerenganso malangizo. Ndi momwemo.

Pomwepo mbuzi za eni zalowa m'dimba la kabichi. Ndathamangira kumeneko, bambo a Chisomo ndawasiya pa khomo la khitchini akuwotha dzuwa.

Pobwera ndapeza zalimbako. Ndati kani ufa umenewu umafuna kuupatsa mpata. Mu uvuni.

Watuluka keke wokongola. Wofufuma, wofiirira bwino, fungo mpaka ku msewu. Ndamujambula n'kutumiza ku Blantyre. Ndatumizanso ku gulu la amayi a mphakati ndi mawu akuti "Mawa musachedwe." Ndadula kachidutswa. Wofewa ngati makeke anga a masiku onse.

Ngati makeke anga a masiku onse.

Bambo a Chisomo akumwetulira, kukamwa kodzaza. "Mwaona? Ndinaona kuti mwachulutsa mkaka, ndiye ndinakatapako ufa kuchipinda kuja. Manja awiri okha. Musandithokoze."

Ndakhala pansi pa simenti.

Akanapanda kudzitama, mawa ndikanadzitenga ngati katswiri, iwo n'kudzandithandizanso mwakachetechete, mwana n'kuthera ku chipatala. Ndawauza zimenezi. Nkhope yagwa. Apepesa kwambiri, ndipo pofuna kuti keke woopsayo asapezeke pakhomo mawa, amudya yense.

Kukolopanso. Mbale ina yatsopano, mthiko wina. Thini ya Anambewe ndaikwecha ndi mchenga n'kuiwiritsa. Chipinda chogona ndakhoma, kiyi ali pa chingwe cha kolona m'khosi mwanga.

Loweruka

Paketi yomaliza. Bambo a Chisomo ndawatuma ku msika kukagula makandulo, ndawauza kuti asafulumire.

Ndasakaniza. Phala lija. Ndathira mu thini, ndaika mu uvuni, ndachita chizindikiro cha mtanda.

Magetsi azima.

Ndadikira pang'ono. Osabwera. Mbaula, makala pansi, makala ena pa chivundikiro, monga tinkaphikira tisanakhale ndi uvuni. Ufa wa tirigu ndimaudziwa pa makala, umandiuza ndi fungo kuti wapsa. Uwu sulankhula. Ndatsegula, wamadzi. Ndatsegulanso, wamadzi. Ndawonjezera makala. Ndatsegula kachitatu, wakuda.

Zotsatira:
– pamwamba, khala
– m'mbali, njerwa
– pakati, phala
– pomutulutsa mu thini, wagumuka ngati chiswe chadya khoma

Ndapala zopserera, ndaunjika zotsala pa mbale, ndaumba ndi manja ngati chulu, ndamata shuga wopaka pamwamba. Makandulo akukana kuima. Awiri ndawachirikiza ndi timitengo ta machesi.

Alendo afika masana. Tadala watalika, mano akutsogolo palibe, wavala diresi yachikasu ndi juzi ya amayi ake. Wandithamangira: "Agogo, ali kuti?" Amayi a mphakati nawo afika, ndi zitenje zofanana, akuyembekeza keke wa pa chithunzi chija.

Ndatulutsa chulu changa. Anambewe akuti, "Ku Joni amapanga oterewa." Aka n'koyamba kuwathokoza kuchokera pansi pa mtima.

Taimba. Tadala wazimitsa makandulo, maso akuwala. Mpeni walephera, ndagawa ndi supuni. Iye watapa, waika m'kamwa, akutafuna. Mchenga ukumveka kuchokera pamene ndaima. Akutafunabe. Wameza movutikira, wamwa madzi, wayang'ana amayi ake.

"Amami, keke ndi ameneyu?"

Chisomo wayang'ana ine, kenako wati, "Eya, ndi ameneyu."

"Ndiye anzanga amalimbirana zimenezi?"

Amayi a mphakati ayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Mmodzi wathawira panja. Tadala wakankha mbale mwaulemu, wati zikomo agogo, n'kufunsa ngati kuli mbatata. Wadya kachewere wokazinga mbale ziwiri.

Madzulo onse ndakhala ndikumuyang'ana pamimba. Sipanatupe. Wasewera mpaka kugona pa miyendo ya agogo ake aamuna.

Lamulungu

Mwana wadzuka bwinobwino, akuthamangitsa nkhuku. Pa Misa ndathokoza chimenecho choyamba.

Potuluka m'tchalitchi, nkhani yafika kale paliponse. Mayi wina amene mwana wake akukwatiwa mwezi wa mawa wandikokera pambali: "Wathu uja mudzaikemo guluteni wambiri, chonde." Ndati ndamva.

Zotsala za keke ndathira nkhuku. Zajompha kamodzi n'kuchoka. Galu wanunkhiza, wandiyang'ana, wapita kukagona.

Pa siteji, tikudikira basi ya ku Blantyre, Chisomo wandigwira dzanja. Akuti usiku Tadala anamuuza kuti sadzaliranso ku maphwando, ndipo akumvera chisoni anzake amene amawakakamiza kudya keke. "Amayi, ine ndayesa zaka zonsezi kumutonthoza mwana ameneyu, osatheka. Inu mwatha ndi supuni imodzi."

Ndafuna kunena kuti keke weniweni satero, kuti adzabwerenso magetsi ali oyaka, kuti afunse aliyense pa parishi pano. Ndayang'ana mwanayo akudumphadumpha pafupi ndi chikwama, wopanda nkhawa ndi chilichonse. Ndatseka pakamwa.

Basi yafika. Tadala wandikumbatira m'chiuno, kenako wandikokera pansi kuti andinong'oneze.

"Agogo, musadandaule. Si inu. Keke ndi woipa basi."

Ndavomera.